Mchombo wa Gideoni

Ogula tomato pa Nsaru amamudziwa Modesta, mayi woonda uja wosaitanira malonda. Anthu amati mutu wake sukoka. Ine ndi iye tinali mudzi umodzi pamene mbiri imeneyi inkayamba, ndipo ndinali m'gulu la oseka. Zimandiwawa mpaka lero.

Anabwera kuno ali mtsikana, makolo ake atachoka ku Phalombe kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya. Zikani wa m'mudzi mwathu anamutenga chitengwa, ndipo makolo aja anabwerera kwawo chaka chomwecho. Mu Febuluwale wa 1999, anthu ali kalikiliki kuthyola fodya, Modesta anachira mwana wamwamuna, Gideoni.

Mwana analibe vuto, mkaka unalipo, koma Modesta sanasangalale. Ankalira popanda womumenya. Phala linkazizira pambali pake. Khanda likalira ankayamba waliyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kulinyamula ngati katundu wa eni. Nditapita kukamuona anandinong'oneza kuti mumtima mwake muli zii, akufuna kumukonda mwanayo koma sakudziwa poyambira. Ine ndinaseka, ndipo ndi pakamwa pangapa ndinakazitula kumjigo tsiku lomwelo.

Mayi ake a Zikani anali atamwalira, choncho woyang'anira chikuta, masiku aja mayi ndi khanda satuluka m'nyumba, anali mlongo wake wamkulu wa Zikani, a Ezeliya. Lamulo lawo linali limodzi: mchombo ukauma usagwere pakati pa miyendo ya mwana, chifukwa ukatero mwanayo adzakhala gojo, sadzabereka. Tonse tinakula tikumva zimenezi.

Modesta analandira lamulolo ndi manja awiri. Kukonda kunamukanika, koma kulondera anaona kuti angathe. Masiku asanu ndi limodzi sanalawe tulo teniteni, maso ali pa kachingwe kakuda kaja.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri fodya anachuluka m'chigafa, wina atayamba kale kuwola. A Ezeliya anati munthu sangamangokhala ngati bwana chifukwa choti wabereka, iwo anabereka asanu ndi atatu osalira. Anamutulira masamba m'nyumba momwemo pamodzi ndi singano, kuti azisoka. Ndi fungo la fodya wamuwisi komanso kutentha kwa masana, Modesta anagona chokhala, singano ili m'manja. Podzidzimuka anapeza a Ezeliya atamasula kale thewera. Mchombo unali momwemo.

"Mwatiphera mtundu," anatero a Ezeliya. "Ntchito yake imodzi yokha, kuyang'ana basi."

Modesta sanalire, ndipo kusalirako ndi kumene kunamumaliza. Anthu anati wachita dala. Ena anakumbutsana zija ndinanena kumjigo, kuti mwanayo samufuna. Kusikelo namwino wina atamuona anati amenewa ndi matenda odziwika, amagwira amayi ambiri akangochira, ndipo amachizika. Anamuuza kuti adzabwere ndi mwamuna wake. A Ezeliya anati matenda oterowo ndi a ku Phalombe, kuno kulibe. Zikani anati sangasiye fodya pamunda chifukwa cha misozi.

Gideoni atakwanitsa miyezi isanu anamulanda kwa mayi ake n'kumuyambitsa phala. Modesta anapatsidwa ndalama ya basi kuti azipita kwawo. Anafika pokwerera pa Nsaru mkaka ukudontha pabulauzi, ndipo sanakwere. Wakhala pomwepo zaka zoposa makumi awiri, ulendo wa ola limodzi panjinga kuchoka pamene pali mwana wake. Gideoni anakula akuuzidwa kuti anabadwa kwa wamisala amene anafuna kumuwononga. Akabwera kumsika tomato amagula pa benchi lina.

Chaka chathachi Gideoni, gojo wa a Ezeliya uja, anakwatira Ireen wa ku Kabudula, ndipo posachedwapa abereka mwana wamwamuna, nkhope ya bambo ake yeniyeni. Panalibe amene anaganiza zokapepesa. Ndinapita ndine kukamuuza Modesta, mwina pofuna kudzitsuka. M'mawa mwake sanayale tomato. Anagula sopo ndi chitenje, tinanyamuka limodzi.

Tinapeza a Ezeliya atakhala pakhomo la chikuta, okalamba tsopano koma pakamwa pali pomwe paja. Chitseko chinali chotsegula pang'ono. Mkatimo Ireen anali atakhala pamphasa, maso ali kukhoma, phala litazizira pambali, khanda likulira pamiyendo pake. Modesta anasuzumira kamodzi kokha. Anagwada.

"Alamu, mtsikanayo musiyeni agoneko pang'ono. Mchombo ndilondera ndine."

A Ezeliya anaseka mpaka kutsokomola. Analandira sopo ndi chitenje chija n'kuziika kumbuyo kwawo.

"Inuyo? Mwayi wa Gideoni uja sungachitike kawiri."

Anakoka chitseko, khanda likulirabe mkati.