Tulo ta Masana pa Msewu wa ku Muloza

Chizindikiro choyamba chinali ludzu. Inali nyengo ya dzinja, tiyi akuthyoledwa kwambiri m'minda ya kwathu ku Mulanje, ndipo ine ndinkanyamula tiyi wouma kupita naye ku Limbe, pobwerera n'kutenga simenti kapena feteleza. Ndinali nditayendetsa lole zaka khumi ndi zinayi osagundapo ngakhale mbuzi. Koma dzinja limenelo kukhosi kunkangouma gwa, moti botolo la madzi linkatha ndisanafike pa Luchenza.

Kenako kunabwera kukodza pafupipafupi. Usiku umodzi ndinkadzuka kasanu, ndiye tulo tomwe ndinkasowa pabedi tinkandipeza masana pachiwongolero. Ndinkatsegula mawindo, kukweza wailesi, kudzimenya mbama. Anzanga anandilangiza zakumwa zotsekemera za m'zitini zomwe amati zimathamangitsa tulo. Ndinkamwa zitatu pa tsiku, kuwonjezera tiyi wa masupuni anayi a shuga. Ndinkachangamuka pang'ono, kenako zikope n'kulemera kuposa kale.

Mkazi wanga, mayi a Tadala, ndi amene anaona kuti ndikuonda, moti lamba ndaboola mabowo awiri atsopano. Anandiuza kuti tipite kuchipatala. Ndinakana. Ndinkaopa kuti mayi eni lole akamva zoti ndikuwodzera panjira andilanda makiyi.

Tsiku lina Lachinayi, dzuwa litangopendeka, ndinali ndi simenti yopita ku Muloza. Nditadutsa pa Limbuli ndinaona patsogolo bambo wina pa njinga, atamanga matumba awiri a chimanga. Anali patali ndithu. Zimene zinachitika pakatipo sindizidziwa. Ndinadzidzimuka ndi phokoso la mitengo ya tiyi ikukhula pansi pa lole, galimoto itapendekera m'ngalande. Amayi othyola tiyi ankathawa, madengu ali kumsana. Chimanga chinali mbwee pamsewu.

Ndinatsika n'kuthamangira kumene kunagwera njinga. Bambo uja anali atadziponyera muudzu, ndipo anangosupuka pachigongono. Anadzisasa fumbi, n'kundiyang'anitsitsa.

"Achimwene, ndakuonani mukubwera maso ali tong'o," anatero, "koma inu munalibemo."

M'mawa mwake mayi a Tadala sanandifunsenso maganizo. Tinafika pachipatala cha boma mabenchi atadzaza kale. Tinakhala pamzere mpaka cha m'ma 11 koloko, buku la kuchipatala lili m'manja, tikusendera pang'onopang'ono. Anandikweza pasikelo, anandiyeza kuthamanga kwa magazi, kenako namwino anandibaya chala. Atayang'ana kachipangizo kake anapukusa mutu, n'kubaya chala china. Sanandibwezere pamzere. Ananditengera yekha kwa adokotala.

"Bambo, si ulesi, si ukalamba," anatero adokotala atamva zonse. "Ndi matenda a shuga, ndipo wakwera kwambiri. Zomwe mumamwa pothawa tulo zija n'zomwe zimawonjezera vuto."

Mwina ena akanalira, koma ine ndinapumira m'mwamba. Kwa miyezi itatu ndinkaganiza kuti mutu wanga ukuwonongeka, mwinanso kuti wina wandichita chipongwe. Tsopano vuto linali ndi dzina, linalinso ndi mankhwala.

Anandigoneka masiku anayi. Anandiika diripi, ndipo jakisoni ankabwera m'mawa ndi madzulo. M'bandakucha uliwonse namwino ankadutsa bedi ndi bedi kubaya zala, n'kulemba pakhadi. Mayi a Tadala ankagona kumalo a odikirira odwala. Kumeneko anaphunzira kwa amayi anzawo zakudya zoyenera munthu wa shuga: mgaiwa wochepa, masamba ambiri, nandolo, tiyi wopanda shuga. Tiyi ameneyu tsiku loyamba ndinamulavula, wodi yonse n'kufa nacho chiseko.

Tsiku lachitatu kunabwera mayi eni lole, atanyamula mapeyala m'jumbo. Ndinakonzeka kumva zoti ntchito yatha. Iwo anangoti lole yatuluka m'ngalande, yathyoka nyali imodzi basi, ndipo ndikatuluka ndizikathandiza kugalaja mpaka adokotala atalemba kalata yondilola kuyendetsanso. Anandikalipira chinthu chimodzi chokha: kubisa.

Nditatuluka ndinayamba kumwa mapiritsi. Sabata yachiwiri ndinagona usiku wonse osadzuka, mpaka mayi a Tadala anachita kundigwedeza dzuwa litatuluka, ali ndi mantha. Atawona kuti ndikungodziwongola ngati mwana, anakhala pansi n'kuyamba kuseka, misozi ili m'maso. Maso anganso anayera. Tsiku lina ndili pakhonde ndinaona mathithi akutsika paphiri ngati ulusi woyera, n'kuzindikira kuti kwa miyezi ingapo phirilo ndinkaliona ngati lili mu utsi.

Ndinapitanso ku Limbuli kukafunafuna bambo wa njinga uja, nditanyamula thumba la chimanga ndi nkhuku. Ndinawapeza pamsika. Analandira, n'kundikhazika pansi kuti tidyere limodzi kalongonda. Masiku ano ndikamadutsa ndimaliza huta kawiri, iwo n'kukweza chipewa.

Patatha miyezi iwiri kalata inatuluka. Tsopano chakwana chaka ndi theka ndili pamsewu. Mwezi uliwonse ndimakayezetsa, mapiritsi amakhala m'thumba la malaya, ndipo thupi labwerera. Ndikayenda maola awiri ndimaima, n'kuzungulira lole kangapo. Zikope zikangolemera ndimapatuka pamalo abwino n'kugona pang'ono, katundu afike mochedwa. Mwezi wathawu, paukwati wa mwana wanga Tadala, ndinavina mpaka anyamata kutopa, ine ndikadali m'bwalo.

Kwa anzanga a malole, a mabasi ndi a maminibasi, ndikuti kuwodzera masana si chinthu chochita nacho manyazi, komanso si chinthu chozolowera. Mwina n'kutopa chabe, mwina ndi matenda ngati anga. Musadikire kuti ngalande ikuuzeni. Pitani mukayezetse msanga, pakuti kubaya chala kumatenga nthawi yochepa kuposa kusintha tayala.