Ntchito ya Masamba

Mlandu wonsewo ndinauyambitsa ndine, ndipo mpaka lero sindinapepese. Ndinali ndi zaka khumi, tikukhala ku Hauna kuseri kwa msika. Amayi ankakhala tsiku lonse pathebulo ndi laputopu, ine n'kumati akusewera. Nditawafunsa ntchito yawo, anandiyankha maso ali pagalasi kuti amapanga masamba a pa intaneti. Ndinangogwirapo mawu akuti masamba, zotsalazo ndinazisiya pomwepo.

Loweruka lina ndinapita kukaona agogo aamuna ku Ruda. Agogowa anachoka ku Thyolo ali achinyamata, ndipo anathyola tiyi m'maesiteti mpaka msana unapindika. Analumbira kuti mwana wawo sadzaberekapo dengu la tiyi, n'chifukwa chake analimbikira kuti amayi aphunzire mpaka kukoleji ku Mutare. Pakhomo pawo sankafuna kumva Chishona, choncho ndikafika ndinkayesetsa Chinyanja changa chotsimphina.

"Amako akuchita chiyani masiku ano?" anandifunsa.

"Ali bho, Sekuru. Akugwira ntchito ya masamba," ndinayankha monyadira.

Kwa agogo, masamba ndi tiyi basi. Sanafunsenso china. Anavala jekete yakutchalitchi ndi chipewa, anandigwira dzanja, ulendo wokakwera kombi yopita kwathu. Ndinadziwa kuti ndaputa mavu, koma sindinadziwe kuti ndawaputa bwanji.

Titafika sanadikire n'komwe moni.

"Onetsa manja!" anatero kwa amayi.

Amayi anatambasula manja modabwa. Agogo anawatembenuza uku ndi uku, kufunafuna zala zakuda ndi ming'alu. Atazisowa anasuzumira kuseri kwa chitseko.

"Dengu wabisa kuti? Mwanayu wandiuza zonse."

Amayi atamva zimene ndinanena anaseka mpaka kugwira khoma. Koma kuseka kunatha ataona kuti agogo sakuseka nawo.

"Sukulu yonse ija," anatero agogo motsitsa, "kuti ubwerere kumene ndinachoka ine?"

Apo ndinachita mantha, ndipo ndinawamvera chisoni. Amayi anagwada, n'kuwapempha kuti akhale pampando wawo wogwirira ntchito.

"Ababa, masamba anga ndi awa. Taonani."

Nthawi imeneyo ankapangira tsamba gulu la alimi ang'onoang'ono a tiyi a m'chigwa chathu. Mbali imodzi ya galasi inali yakuda, yodzaza timalemba tosamveka. Mbali inayo kunali tsambalo, lokhala ndi zithunzi ndi mabatani odina. Amayi anafufuta liwu limodzi kumbali yakuda n'kulemba lina, ndipo tsamba lonse lobiriwira linasanduka lofiira.

"Mhamha, chitaninso!" ndinakuwa kwa amayi.

Anachitanso, kenako anandilola kuti ndilembe ndekha liwulo. Anatifotokozera kuti batani lililonse amaliika okha pamalo pake, kuti liyenera kukwana ngakhale pakafoni kotchipa, komanso kuti tsamba lisalemere, lizitseguka ngakhale kumapiri kumene netiweki imavuta. Ine ndinkaganiza kuti zinthu za pafoni zimangomera zokha. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti pali munthu amene amazimanga, ndipo munthuyo ndi yemweyu amene amandikalipira za mbale zosatsuka.

Agogo za mitunduzo sizinawakhudze. Maso awo anali pachithunzi chapamwamba, cha dzanja losalala likuthyola tiyi.

"Ameneyu ndani? Kapitawo akanamuthamangitsa tsiku lomwelo! Wathyola masamba anayi ndi kamtengo komwe. Timathyola awiri ndi kansonga, basi."

Amayi anavomera mwamanyazi kuti chithunzicho anangochitenga pa intaneti. "Ine sindinathyolepo tiyi, Ababa. Ndikanadziwa bwanji?"

"Eya, sunathyolepo," anatero agogo, nkhope ikuwala. Sindinaonepo munthu akukondwera chotero ndi umbuli wa mwana wake.

Mawa lake titaweruka kutchalitchi tinapita kumunda kwa mayi wina wa mumpingo mwathu. Agogo anapinda manja a jekete, ndipo zala zawo zinayamba kudumphadumpha pamwamba pa tiyi mwaliwiro loti amayi anachita kuwapempha kuti achepetse. Tinajambula kambirimbiri, agogo akukana zithunzi zina ngati bwana. Titabwerera kunyumba amayi anachotsa dzanja losalala lija n'kuikapo la agogo.

Agogo analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analoza timalemba ting'onoting'ono pansi penipeni pa tsambalo. Iwo sankatha kuwerenga, choncho anandikoka pafupi.

"Apa palembedwa chiyani?"

"Dzina la amene wapanga tsambali, Sekuru."

"Werenga."

Ndinawerenga dzina la amayi. Anandiuza kuti ndibwereze, ndipo ndinabwereza. Anavula chipewa, n'kupukuta m'maso ndi chala chachikulu, kenako anatembenukira kwa amayi.

"Pali malo otsala apo. Wonjezerapo kuti ndi mwana wa wothyola tiyi."