Lipoti Limene Ndinakana Kusaina

Anagogoda Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Juni, amayi akuyanika chinangwa kuseri kwa nyumba yathu ku Khuyu, pachilumba. Anali amuna awiri ovala zawamba. Anandipatsa moni mwaulemu, n'kundiuza kuti nditenge juzi chifukwa panyanja pali mwera.

Ndinaphunzira masamu, ndipo kwa zaka zingapo ndinkafufuza kayendedwe ka mafunde ku yunivesite. Kenako kampani ina yosunga ndalama za penshoni inandilemba ntchito mumzinda, kuti ndiziwerengetsa ngati thumba la ndalamazo lidzathe kulipira opuma pantchito. Masamuwo anandionetsa kuti ndalama zinkatulukira pakhomo losalembedwa paliponse. Mabwana atandibweretsera lipoti lonena kuti zonse zili bwino, ndinakana kusaina, n'kubwerera kwathu pachilumba.

Amuna awiri aja ananditsekera masiku anayi m'kachipinda ku Chipyela, podikira sitima yopita kumtunda. Ndinkamva belu la tchalitchi chimene ndinabatizidwiramo. Amayi ankabwera wapansi tsiku lililonse ndi chakudya, koma sanaloledwe kundiona.

Kumtunda anandiuza kuti ndinaba zinsinsi za kampani. Wondifunsa mafunso, bambo waimvi wolankhula mofatsa, ankaika lipoti lomwe lija patebulo, cholembera pamwamba pake.

"Aphunzitsi, manambala salowa m'ndende. Amalowa ndi anthu," anatero.

Tsiku lachitatu anatuluka, n'kundisiya ndi anzake awiri. Kuchokera tsiku limenelo khutu langa lakumanzere silimva.

M'chitokosi tinalimo ambiri moti tinkagona chammbali, kutembenuka onse pamodzi. Ndinkachita masamu m'mutu kuti ndisapenge, koma mwezi wachisanu ndinalephera kugawa manambala amene mwana wa sitandade folo amagawa. Ndinagwira zitsulo za chitseko, n'kuchonderera mlonda kuti akaitane bambo uja, ndisaina chilichonse. Mlondayo anabwerako madzulo.

"Akuti pepalalo lilibenso ntchito. Thumba linagwa kale."

Ananditulutsa mu Febuluwale, mlandu osaweruzidwa, pepani osanenedwa. Sitima itaima ku Chipyela, pagombe panali aphunzitsi anga akale a masamu, amene penshoni yawo yonse inapita ndi thumbalo. Anandigwira manja onse awiri.

"Mwanangu, iwe wekha sunatigulitse."

Ndinangowerama. Lero ndine mfulu, ndimapita kulikonse kumene ndafuna, ndipo anthu amandipatsa ulemu panjira. Aphunzitsiwo tinawaika m'manda chaka chatha asakudziwa kuti ndinapempha cholembera. Pano m'poyamba kuti ndinene.