Paipi Yanga Ndi Yongotsitsa

Pamaliro a azakhali anga sabata yatha ndinalonjeza pamaso pa anthu. Mwana wawo, msuweni wanga Yohane, ali ku Joni ndipo mapepala sanamulole kubwera kudzaika mayi ake. Ndinati, "Vidiyo yonse ya malirowa ndimutumizira lero lomwe. Kwanga ku Area 12 intaneti ndi yopanda malire." Dzina la Area 12 ndinalitchula kawiri, kuti ndi akumbuyo omwe amve.

Nditafika kunyumba ndinakonza kompyuta yanga yakale kuti Yohane akoke vidiyoyo molunjika kuchokera kwanga. Kamzere kosonyeza pamene yafika kanayamba kuyenda. Ndikulumbira, nkhono ina imene inali pakhoma inakwera mpaka kudenga, inabwerera, n'kukapeza kamzereko kali pomwepo.

Tsiku lachinayi Yohane analemba kuti, "Achimwene, ndikungofuna ndione pamene agona."

Ndinapita ku City Centre, ku ofesi ya kampani ya intaneti, mawu nditawanola kale panjira. Ndinawauza kuti andibera dzuwa likuswa mtengo.

Mayi wa pakauntala sanakweze mawu. "Bambo, intaneti yanuyi ili ngati paipi yongotsitsa zinthu kwa inu. Mphamvu yokweza, yotumizira ena, tinaika yochepa. Ndiponso kusandutsa kompyuta ya kunyumba kukhala nkhokwe yoti ena azitapamo n'koletsedwa. Munasainira."

"Sindinawerenge."

"Ambiri sawerenga." Anayang'ana pakompyuta yawo. "Komatu zaka ziwiri zonsezi mwakhala mukungotsitsa, simunakwezepo kanthu. Ndiye mukanadziwa bwanji?"

Mzere wonse wa kumbuyo kwanga unamva. Ine ndinayang'ana nsapato zanga mpaka zinachita manyazi nazonso. Sindikuwonjezera.

Kampaniyo sindikuikhululukira. Anaiuza ndani kuti Mmalawi wa panyumba ali ndi kamwa lokha, alibe manja? Lamulo lotere amalibisiranji m'timalemba tofuna magalasi awiri?

Koma telala amasoka malinga ndi thupi limene wayeza. Pamene anthu amagawana mafilimu pa intaneti, aliyense kutapa kwa mnzake, ine ndikangomaliza kutsitsa ndimazimitsa msangamsanga kuti wina asatape kwa ine. Amati kupatsa n'kuika. Ine zaka ziwiri sindinaikepo kanthu, ndiye tsiku losowa ndimafuna kukatola chiyani?

Vidiyo ija inapita ndi amayi Asiyatu, amene amagulitsa nsalu mumsika wa Lilongwe ndipo amakapikula katundu ku Joni. Anakulunga m'kansalu kafulashi kamene ndinaikamo vidiyoyo, n'kumangirira kunsonga ya chitenje.

"Mwakhala nayo masiku angati?" anandifunsa.

Ndinawauza.

"Zamaliro sitichedwetsa, bambo. Mukanangobwera."

Patapita masiku awiri apabasi, Yohane anaona pamene mayi ake agona. Analemba kuti zikomo achimwene, mwavutika. Sindinamuyankhebe.

Kamzere kaja sindinakazimitse, kadakali pakati. Inu amene mukuseka, paipi yanuyo munayesapo kuona ngati imatulutsa?