Galasi la atelala limayang'ana kuchipululu

Lachiwiri ndinapita kukafupikitsa buluku kwa amai Daka, atelala a pamsika ku Petauke. M'kashopu kawo TV inali kubwebweta nkhani zakunja, iwo ataifulatira, phazi lili pamakina.

Ine phokoso sindigwirizana nalo. Ndinatola limoti.

"Osazimya, bambo," anatero osadzutsa mutu. "Niyembekeza Yotamu."

Yotamu ndi mwana wawo woyamba. Anapita kukachapa zovala pakampu ya asilikali a dziko lina, yomangidwa m'dziko la eni ake, kuchipululu. Kumeneko antchito saloledwa kujambula, ndiye amai ake sanaonepo ngakhale pomwe amagona. Ankaimba foni Lamlungu lililonse, koma chikololereni chimanga ali zii.

M'pamene ndinaona kuti galasi loyesera zovala analipendeketsa kuti TV izionekeramo. Mukangooneka mchenga ndi matenti, phazi limaima.

"Chizungu sinimvela," anatero, "koma mwana wanga ningamuzibe olo na kumbuyo."

Awerengi anzanga, ndi nyumba zingati zomwe TV imacheza ndi mipando tsiku lonse? Kwathu timaiyatsa m'mawa ngati mbaula. Wina akusita, wina akuswa mtedza, wina maso ali pafoni. Mabomba akuphulika pakona ya pabalaza, ife tikufunsana komwe kuli mchere.

M'basi ya ku Nyimba ndamvapo abambo akutsutsana mpaka thovu kukamwa, ngati n'koyenera kuti dziko lizikhazika asilikali ake kwa eni. Aliyense katswiri. Koma palibe anafunsapo kuti wochapa masokosi a asilikaliwo ndi mwana wa yani. Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, nanga bwanji wa amai Daka tamusandutsa phokoso lotiperekeza posita?

Ndisanachoke, magetsi anathima. Makina awo ndi opalasa, ndiye ntchito sinaime, ndipo maso awo ankapitabe pagalasi lopanda kanthu.

Pakhoma panali shati yabuluu, kolala ndi mabatani zonse zili m'malo, koma m'mbali yosasoka. Ndinafunsa ngati mwini wake anaithawa.

"Ni ya Yotamu. Sinizibako ngati anaina olo anayonda. Nikamuona chabe, nizatsiliza."

Mtima unandiwawa, ndipo ukundiwawabe. Nditafika kunyumba ndinapeza magetsi abwera, TV ikucheza ndi mipando mwa nthawi zonse. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuyang'ana anthu oyenda kumbuyo kwa mtolankhani, mmodzimmodzi.

Yotamuyo sindimudziwa nkhope. Koma ataoneka lero pa TV yanu, alipo angadzutse mutu?