Tsiku Limene Ndinamenya Dzanja la Bambo

Bambo anga anali mmisiri wokhoma zidebe ku Ndirande. Anakhoma ndowa ndi mbaula mpaka maso anayamba kuchita mdima. Ndinawaitanitsa kuno kutsidya kwa nyanja, ku South Bend, kumene ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, kuti madokotala awaone. Dokotala sanapite m'mbali: akakhala kuno n'kumalandira chithandizo, diso limodzi lipulumuka, akabwerera ndiye basi. Iwo mtima unali kwawo. Ine ndinali kalikiliki kuwanyengerera kuti akhale.

Mwa nzeru zanga zoperewerazi, ndinaganiza zowatengera ku myuziyamu, nyumba yoonetsera zaluso, ku Indianapolis, poti ndinamva kuti kuli zitsulo zosula za ku Japan. Ndinkati munthu wa zitsulo akaona zimenezo mwina dzikoli alikonda.

Zithunzi za penti sanataye nazo nthawi. Anati akungoona ngati khoma lodontha mvula. Koma titafika m'chipinda cha ku Japan anaima. Munali miphika ya mkuwa ndi timbale tachitsulo timene ankaika pa chigwiriro cha lupanga kuti titeteze dzanja. Pa kamodzi panali nkhanu yagolide, pa kena masamba a nsungwi asiliva. Zonse zinali m'magalasi. Bambo anagunditsa mphuno pagalasi, osaona kanthu, ndiye ine ndinkawafotokozera.

Anandifunsa ngati golideyo anachita kuwotcherera kapena kukhomerera. Anadziyankha okha kuti mmisiriyo anagoba kamzere kotakasuka pansi, n'kukhomeramo waya wagolide pang'onopang'ono mpaka utagwira. Zala zawo zinkakhoma m'malere. Chibwerereni ndinali ndisanawaone akusangalala choncho. Anadandaula chimodzi chokha, kuti chitsulo sungachidziwe usanachigogode n'kumva kulira kwake.

Chipinda chotsatira chinali cha zosema zamakono. Pakati panaima chimphona cha malata okhuthala opindapinda, chopanda galasi. Pansi anangolemba mzere woti anthu asadumphe, mzere umene bambo sakanauona. Foni yanga inalira, akuntchito akufunsa za shifiti. Pocheuka ndinapeza bambo atadumpha kale, chikhatho chili pachitsulo, akusisita powotcherera. Kenako anagogoda kawiri. Chipinda chonse chinamva.

Mlonda, mayi wachikulire, ankabwera mwaulemu ndithu. Koma ine ndinamuyambirira. Ndinamenya dzanja la bambo, phaa, n'kuwakalipira m'Chingerezi ndi mawu aja ndimalankhulira nkhalamba zosokonezeka mutu zikamagwira mankhwala a eni. Ndinachita manyazi ndi azungu osawadziwa, amene pofika madzulo anali atatiiwala. Kwathu mwana kukwezera kholo dzanja ndi malaulo, ndipo ine ndinkadziwa bwino lomwe.

Bambo anangoika manja kumbuyo.

Patatha sabata anandiuza kuti ndiwasinthire tikiti ya ndege, abwerere kwawo. Ndinagwada pansi n'kupepesa, misozi ili chuchuchu. Ndinaitana akuluakulu a kumpingo kwathu, anabwera ndi mapemphero awo n'kuwakumbutsa za diso lija. Bambo anamvetsera mpaka onse atatha, kenako anatembenukira kwa ine.

“Sindinakwiye, mwana wanga,” anatero. “Koma maso akadzatheratu ndidzatsala ndi manja okha. Nanga kuno manja ndi mlandu, ndidzakhala bwanji?”

Ndinawaperekeza pa sitima mpaka ku Chicago, ndipo pabwalo la ndege anandidalitsa monga kholo lichitira.

Chisanathe chaka diso lotsala lija linatseka. Tikamalankhula pa foni amandifunsa za chisanu ndi za ntchito, za tsiku lija sanatchulepo. Bola akanandinyoza. Ine m'mawa uliwonse ndimavala magolovesi n'kusambitsa makolo a eni mofatsa, ndi dzanja lomwe lija.