Mkulu wolipidwa kuti asalime

Kumpoto kwa famu yanga kuli mkulu wina wa chipewa chothimbirira. Boma limawalipira chaka ndi chaka kuti munda wawo waukulu asaulime, uzingomera udzu, poti dothi la kuno kumadzulo kwa Kansas ukaligaula kwambiri limapita ndi mphepo. Iwo sachita nazo manyazi. Amati, "Tirigu ndi wa chaka chimodzi, dothi ndi la adzukulu."

Kumsika wa ng'ombe anthu amawaseka, makamaka Merle, mlimi mnzathu wapakamwa. "Madala, ulesi mwakolola matumba angati chaka chino?" Iwo amangomwa khofi wawo phee.

Chilala cha chaka chatha chinapsereza mabusa onse. Merle anayamba kukweza m'lole ng'ombe zomwe bambo ake anamusiyira, kuti akagulitse. Mlungu womwewo boma linalola kudyetsa ziweto m'minda yogonekedwayo. Mkulu uja anatulukira pa kagalimoto kawo, n'kuima kutsogolo kwa lole.

"Tsitsa ng'ombezo, mwana iwe. Chipata cha munda wanga uja ndatsegula kale."

Merle anavula chipewa.

"Fulumira," anatero mkuluyo. "Ulesi wanga uja wafika m'chiuno, ukusowa woudya."